Khansa yobadwa ndi mfunda wa asilikali a m'thupi

Udali mwezi wa June, nthawi yomwe kuno ku Dedza chisanu chimalowa mpaka m'mafupa, pomwe mlongo wanga adandiimbira foni m'mamawa ndikukonzeka zopita kudimba. Mlongo wangayu adapita chitengwa kunsi kwa mapiri, chakufupi ndi Mtakataka, ndipo sitiimbirana wambawamba poti mayunitsi ndi ndalama. Nditangoona nambala yake ndidadziwa kuti kwagwa kanthu.

"Achimwene, mwana wanu uja tsaya likungotupirabe. Poyamba timati ndi dzino, koma pano mano ena akugwedera ndipo diso layamba kutong'oka," adatero, mawu akunjenjemera.

Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi wako. Ine ndine tsibweni wake, mwini mbumba, ndiye nkhani ngati imeneyi sungaimvere pafoni. Ndidasiya khasu, n'kukwera minibasi mpaka pa Masasa, kenako ndidatsetsereka msewu wa Khwekhwelere kulowera ku Golomoti. Amene mudaudutsa msewu umenewu mukudziwa: umanyamuka utavala jekete ndi chipewa, koma usanafike pansi thukuta lili kamukamu.

Mnyamatayo adali ndi zaka 7. Nditamuona ndidasowa chonena. Nkhope idali itapendekera mbali imodzi, pakamwa posatsekeka bwino, malovu akuchucha. Adayesetsa kundimwetulira n'kuti, "Atsibweni, mwandibweretsera mbatatesi?"

Masabata atatu adali atadutsa chiyambireni kutupako. Sabata yoyamba ankati ndi matsagwidi, atha okha. Sabata yachiwiri adamutengera kwa munthu wina amene adamuzula dzino. Sabata yachitatu adapita naye kwa sing'anga, ndipo sing'angayo adaloza chala agogo ena oyandikana nawo nyumba, ati adamuponyera mwanayo kanthu m'kamwa. Pomwe ndinkafika n'kuti mudzi utagawikana, agogowo sakutuluka m'nyumba ngakhale kupita kumjigo.

Mawa lake tidapita naye kuchipatala, ndipo sadatisunge. Adatilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Kumeneko adadula kachidutswa kakang'ono ka chotupacho n'kukatumiza ku labu. Yankho lidabwera kuti ndi khansa yotchedwa Burkitt lymphoma.

Papepala la zotsatira padali zolembedwa zambiri zomwe sindidazimve, koma maso anga adagwera pa kamzere kamodzi: CD20, kenako mawu oti yapezeka. Mtima udagunda. Ife a m'badwo uno CD yomwe timaidziwa ndi imodzi, CD4, ija tinkawerengera abale athu asanayambe ma ARV.

"Adokotala, pepani, CD imeneyi ndi yomwe ija ya kachilombo?" ndidafunsa.

Dokotalayo adapukusa mutu. Adati mwanayo amuyeza ndipo alibe HIV. Kenako adakoka mpando, n'kutenga pepala ndi bolopeni, nayamba kujambula timizere. Zomwe adandifotokozera tsiku limenelo, ndi zomwe ndakhala ndikuwerenga ndi kufunsa kuyambira apo, ndi zomwe ndikufuna tigawane lero.

Selo iliyonse ili ndi mfunda wake

Thupi la munthu lidamangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso totchedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. Selo iliyonse ili ndi kakhungu kake, ndipo pa kakhungupo pamatuluka timapuloteni tambirimbiri. Azasayansi amatitcha ma receptor. Tina timagwira ntchito ngati makutu, kumva uthenga wochokera kwa maselo ena. Tina tili ngati zitseko zolowera zinthu. Tinanso timangouza anzake kuti selo imeneyi ndi ya banja liti.

Taganizirani mfunda. Munthu akafika pamaliro m'mudzi wachilendo, akangoti ndine Phiri, kapena Banda, kapena Maseko, anthu amadziwa pomukhazika ndi womupatsa moni wachibale. Maselo nawo amadziwana chimodzimodzi. Mu 1982 akatswiri adakumana mumzinda wa Paris n'kugwirizana zopereka manambala kwa zizindikiro za pa maselo oyera a m'magazi, aja timati asilikali a m'thupi. Ndi pomwe padachokera mayina oti CD4, CD8, CD19, CD20 ndi ena, ndipo lero aposa 350.

Asilikali a m'thupi si a mtundu umodzi. Pali a mtundu wa T, ndipo ena mwa iwo amavala CD4. Amenewa ndi olamula nkhondo, amauza anzawo kuti mdani walowa. Kachilombo ka HIV kamagwira pa CD4 yomweyo ngati munthu wogwira chogwirira cha chitseko, n'kulowa m'kati mwa msilikaliyo. Ndiye aja tinkati "CD4 yatsika" ankatanthauza kuti asilikali ovala chizindikiro chimenechi achepa m'magazi. Kale munthu ankadikira kuti itsike kaye asanayambe ma ARV, koma kuyambira 2016 dziko lino lidayamba kupereka mankhwalawa kwa aliyense wopezeka ndi kachilombo.

Palinso asilikali a mtundu wa B. Awa ndi osula zida. Amapanga ma antibody, timivi tomwe timakakamira pa kachilombo kapena pa tizilombo ta malungo kuti asilikali ena atione n'kutiwononga. Katemera akamagwira ntchito m'thupi la mwana, ndiye kuti asilikali a B aphunzira kusula muvi woyenera. Mfunda wa asilikali amenewa ndi CD19, CD20 ndi CD21.

Tsono nkhani yagona apa. Khansa ya Burkitt si mlendo wochokera kunja ayi. Ndi msilikali wa B mmodzi amene wasokonekera n'kuyamba kuswana mosalekeza. Poti adabadwira m'banja limenelo, iye ndi ana ake onse amavala CD20 ngati abale awo abwinobwino. Ichi n'chifukwa chake labu itaona CD20 pa chotupa cha mphwanga idadziwa banja lomwe khansayo yachokera.

Ife tinkasaka mdani kuseri kwa mpanda wa agogo aja, chikhalirecho mdaniyo adali wa m'nyumba momwemo.

Chifukwa chiyani kunyanja, osati kuphiri?

Nditamva kuti matendawa amakonda malo otentha, ndidakumbukira jekete yanga ya pa Khwekhwelere. Ndipo si ine woyamba kudabwa ndi zimenezi.

Denis Burkitt adali dokotala wa maopaleshoni wochokera ku Ireland yemwe ankagwira ntchito pachipatala cha Mulago ku Kampala, Uganda. Mu 1957 adaona mwana wotupa nsagwada, posakhalitsa adaonanso wina, ndipo mu 1958 adalemba lipoti lofotokoza matendawa. Mu 1961 iye ndi anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, adakwera galimoto yakale ya Ford n'kuyenda mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000, kuyendera zipatala zoposa 50 kum'mawa ndi kummwera kwa Africa. Adadutsanso muno, nthawi imeneyo dziko likutchedwa Nyasaland. Paliponse funso lidali limodzi: kodi ana otupa chonchi mumawaona, nanga amachokera kuti?

Atajambula mapu adapeza kuti matendawa ankachuluka m'malo otsika, otentha ndi a mvula yokwanira, monga m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje, koma ankasowa m'mapiri ozizira. Mapu amenewo adadzafanana ndi mapu a malo omwe malungo sakata chaka chonse.

Boma lathu la Dedza lili ndi mbali zonse ziwiri. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pomwe pamalekeza nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198. Koma boma lomweli limatsika mpaka ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka, kufupi ndi nyanja ya Malawi yomwe ili pa mamita osakwana 500. Mwana wa ku Bembeke ndi mwana wa ku Mtakataka ndi a boma limodzi, koma udzudzu suwaluma mofanana. Mphwanga adali atadwala malungo kangapo konse chibadwire, pomwe ana anga kumtunda kuno amatha chaka osawadwala.

Komatu a kumapiri tisadzitame. Malungo kumtunda kuno aliko, makamaka nthawi ya dzinja, ndipo anthu timayenda, timakwatirana, timakachita geni ya nsomba kunyanja. Palinso mtundu wa khansa yomweyi womwe umagwira anthu omwe ali ndi HIV, ndi wina womwe umapezeka kulikonse padziko lapansi ngakhale kopanda udzudzu.

Malungo paokha sakwanira. Mu March 1961 Burkitt adakalankhula pachipatala cha Middlesex ku London, ndipo mwa omvera mudali katswiri wina dzina lake Anthony Epstein. Iyeyu adapempha kuti azimutumizira zidutswa za zotupazo kuchokera ku Uganda. Mu 1964 Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong adapezamo kachilombo komwe lero kamatchedwa Epstein-Barr. Kadali kachilombo koyamba kupezeka kuti kamakhudzana ndi khansa mwa anthu.

Kachilombo kameneka pafupifupi tonse tili nako. Anthu akuluakulu oposa 90 pa 100 alionse padziko lapansi adakatenga kale, kudzera m'malovu, ndipo kuno ku Africa ana ambiri amakatenga ali aang'ono kwambiri. Kamalowa mwa msilikali wa B pogwira chizindikiro cha CD21, monga momwe HIV imagwirira CD4, kenako kamagona phee m'menemo moyo wonse. Mwa anthu ambiri sikachita kanthu, chifukwa asilikali a T amakayang'anira.

Vuto limabwera mwana akamadwala malungo mobwerezabwereza. Asilikali a B amakakamizika kuswana mothamanga kuti asule zida, ndipo posula zidazo amadula ndi kulumikiza malangizo a chibadwa omwe ali m'kati mwawo. Ntchito ya changu siichedwa kulakwika. Nthawi zina chidutswa cha chromosome nambala 8 chimakalumikizika pa nambala 14, ndipo jini yotchedwa MYC, yomwe imalamula selo kuti iswane, imakhala ngati wailesi yoti batani lozimitsira lathyoka. Selo yotere imayenera kudzifera yokha, koma kachilombo kaja kamaithandiza kukhalabe ndi moyo, pomwenso malungo afooketsa alonda aja. Khansa yayambika.

Ndipo imathamanga. Maselo a khansa ya Burkitt amatha kuwirikiza kawiri pa tsiku limodzi kapena awiri, moti ili m'gulu la khansa zokula msanga kuposa zonse. Masabata atatu omwe tidataya aja sadali masewera.

Mankhwala oitana mfunda

Ubwino wake, khansa yothamanga imamvanso mankhwala msanga. Mphwanga adayamba kulandira mankhwala a m'dripi monga cyclophosphamide ndi vincristine, ena omubaya pamsana, ena akumwa. Pasanathe sabata chotupa chija chidayamba kuphwa ngati chithupsa chophulika. Mlongo wanga adagwada pansi m'wodimo n'kuyamba kuthokoza Mulungu mokweza.

Mankhwala amenewa dziko lino lidawazolowera. Kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake adatha zaka zambiri akufufuza muyezo wa mankhwala womwe mwana wa kuno, yemwe nthawi zambiri amafika ali wonyentchera, angaupirire koma n'kuchira. Ana ambiri ali moyo lero chifukwa cha ntchito imeneyo.

Koma mankhwala otere sasankha. Amakantha selo iliyonse yoswana msanga, kaya ndi ya khansa, ya tsitsi, ya m'kamwa kapena ya m'mafuta a m'mafupa momwe magazi amapangidwira. Mphwanga tsitsi lidasosoka, m'kamwa mudatuluka zilonda, ndipo kawiri konse adafunika kuwonjezeredwa magazi.

Apa ndi pomwe CD20 ija imakhala ndi phindu. Mu 1975 Georges Köhler ndi César Milstein, ku Cambridge, adapeza njira yopangira ma antibody a mtundu umodzi ochuluka mu labu. Chodabwitsa n'chakuti adachita izi polumikiza msilikali wa B ndi selo ya khansa: msilikali adabweretsa luso losula muvi, khansa idabweretsa khalidwe lake losafa. Adalandira mphoto ya Nobel mu 1984. Kuchokera pa nzeru imeneyi padabadwa mankhwala otchedwa rituximab, omwe dziko la America lidawavomereza mu 1997.

Rituximab ndi muvi wosulidwira CD20 basi. Akalowa m'magazi amakakamira pa selo iliyonse yovala CD20, ndipo asilikali ena a m'thupi akaona muviwo amabwera n'kuipha seloyo. Tsitsi salikhudza, poti tsitsi lilibe CD20.

Mwina mwaliona kale vuto lake. Zili ngati mfumu yamva kuti wakuba mbuzi ndi Phiri, ndiye yalamula kuti a Phiri onse a m'mudzimo amangidwe. Wakubayo agwidwadi, koma pamodzi ndi osalakwa. Rituximab amapha maselo a khansa limodzi ndi asilikali a B abwinobwino, chifukwa mfunda ndi umodzi.

Nanga bwanji munthu safa nazo? Ndidamufunsa dokotala uja funso lomweli tsiku lina. Yankho lake lidali lakuti CD20 siivalidwa moyo wonse wa selo. Maselo oyambirira a m'mafuta a m'mafupa, omwe amabereka asilikali a B, amakhala asanaivale. Asilikali okhwima kwambiri, omwe ntchito yawo yangotsala kutulutsa ma antibody, amakhala ataivula. Choncho mbewu imatsala, nkhokwe ya zida zakale imatsalanso, ndipo pakatha miyezi 6 mpaka 12 asilikali atsopano amayambanso kuoneka m'magazi.

Komabe miyezi imeneyo ndi yoopsa. Wodwala amagwidwa msanga ndi matenda ena, katemera sagwira bwino ntchito, ndipo ngati ali ndi kachilombo ka hepatitis B kogona m'chiwindi, kamatha kudzuka n'kuwononga chiwindicho. N'chifukwa chake munthu amayenera kuyezedwa kachilomboka asanalandire mankhwalawa.

Phindu lake ndi lalikulu bwanji? Mu 2020 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine idasindikiza kafukufuku wa ana 328 a m'mayiko olemera omwe adali ndi khansa yoopsa ya asilikali a B, ambiri a iwo ya Burkitt. Mwa omwe adalandira rituximab kuphatikiza pa mankhwala enawo, pafupifupi 94 pa 100 alionse adatha zaka zitatu khansa osabwerera, poyerekeza ndi 82 mwa omwe sadalandire. Kafukufuku yemweyo adaonetsanso kuti ana olandira rituximab ankachepekedwa ma antibody kwambiri kuposa anzawo. Mbali zonse ziwiri za mfunda umodzi zidaonekera.

Khansa zina zimachenjera mwa njira ina. Asilikali a T ali ndi kachizindikiro kotchedwa PD-1 komwe kali ngati buleki, kowaletsa kuukira thupi lawo lomwe. Maselo abwinobwino amagwira bulekiyo ndi chizindikiro chotchedwa PD-L1, kunena kuti ndine wanu, ndisiyeni. Maselo ena a khansa amavala PD-L1 yambiri, ndipo msilikali amangodutsa ngati sadaone kanthu. Tasuku Honjo wa ku Japan, yemwe adatulukira PD-1, ndi James Allison wa ku America, yemwe adafufuza buleki ina yofanana nayo, adalandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa cha mankhwala omasula mabulekiwa. Nawonso ali ndi mtengo wake m'thupi: buleki ikamasuka, asilikali nthawi zina amaukira matumbo, khungu kapena mapapo a mwini wake.

Nanga kuno kwathu?

Kwa zaka zambiri ankati mankhwala ngati rituximab si a mayiko osauka. Mtengo wake udali wosayandikirika, komanso ena ankaopa kuti kupha asilikali a B mwa munthu yemwe ali kale ndi HIV, m'dziko la malungo ndi TB, n'kumukankhira kumanda.

Zinthu zidayamba kusintha. Mu 2011 pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe padatsegulidwa labu yoyeza zotupa mothandizana ndi UNC Project, nthambi ya yunivesite ya North Carolina. Labu yotere ndi yomwe imatha kupaka chidutswa cha chotupa mankhwala oonetsa ngati CD20 ilipo. Mu 2015 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidaika rituximab pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Makampani ena, monga a ku India, adayambanso kupanga mtundu wotsikirako mtengo.

Mu 2021 magazini ya Lancet Global Health idasindikiza zotsatira za kafukufuku yemwe adachitikira pa Kamuzu Central pomwepo. Akuluakulu 37 odwala khansa ina ya asilikali a B, ambiri mwa iwo ali ndi HIV ndipo akumwa ma ARV, adalandira rituximab pamodzi ndi mankhwala a nthawi zonse. Zidaoneka kuti n'zotheka kuwapereka mankhwalawa muno m'Malawi popanda chiopsezo chopitirira muyezo. Funso lidachoka pa "kodi zingatheke?" n'kufika pa "alipira ndani?"

Mphwanga sadalandire rituximab. Adachira ndi mankhwala enawo, ndipo sindileka kuthokoza. Koma m'wodi muja simudatuluke onse. Bedi loyandikana ndi lathu padali mtsikana wa zaka ngati 9, wochokera boma lina la kunyanja. Amayi ake adandiuza kuti chotupa chitaphwa ulendo woyamba adabwerera kumudzi, poti mwana ankaoneka kuti wachira, ndalama ya thiransipoti idali itatha, ndipo kumunda kudalibe wopalira. Patatha miyezi iwiri mimba idatupa, miyendo idaleka kuyenda. Tidamva kulira usiku wina chakum'bandakucha. Mayi uja adanyamula katundu wake m'chitenje, ndipo mlongo wanga adamuperekeza mpaka pageti.

Sindinganene kuti rituximab akadamupulumutsa mtsikanayo. Chomwe chidamupha choyamba ndi mtunda ndi umphawi. Koma WHO imati m'mayiko olemera ana oposa 80 pa 100 alionse odwala khansa amachira, pomwe m'mayiko ambiri osauka sakwana 30. Mu 2018 bungweli lidakhazikitsa cholinga choti pofika 2030 ana osachepera 60 pa 100 alionse azichira padziko lonse. Kusiyana kumeneku sikuli m'magazi a ana athu. CD20 ya mwana wa ku Mtakataka ndi yofanana ndi ya mwana wa ku London.

Ndiye pali zomwe tingachite ife eni, ndipo pali zomwe tiyenera kufunsa kwa otilamulira.

Makolo anzanga, mwana akatupa tsaya, nsagwada, diso kapena mimba, ndipo kutupako kukukula tsiku ndi tsiku, mano akugwedera popanda kubooka, musadikire. Matsagwidi amatha pasanathe masabata awiri ndipo sagwedeza mano. Musamuzulitse dzino musanaonane ndi achipatala. Mwana akayamba kulemedwa miyendo kapena kulephera kukodza, imeneyo ndi ngozi ya tsiku lomwelo. Kuchokera pa Dedza kufika ku Lilongwe ndi makilomita ngati 85 okha.

Mankhwala akayambika, amalizeni. Kuphwa kwa chotupa si kuchira, chifukwa maselo otsala osaoneka ndi maso ndi omwe amabwerera mwaukali. Apa ndi pomwe atsibweni, azakhali, mpingo ndi mudzi tiyenera kuonekera. Mayi sangakhale m'chipatala ndi mwana miyezi itatu kwinaku akulima. Ife kwathu tidagulitsa matumba a mbatatesi omwe tinkasungira mbewu, ndipo amayi a mpingo wa mlongo wanga adamupalirira munda.

Mwana amene ali pa mankhwala a khansa akatentha thupi, musamugulire panado pagolosale n'kumugoneka. Asilikali ake ndi ochepa, matenda aang'ono amatha kumutenga usiku umodzi. Thamangani naye. Ndipo neti ija si yowedzera usipa kapena kutchingira nkhuku pa mbewu. Malungo alionse omwe mwana wapewa ndi mpumulo kwa asilikali ake a B.

Kwa aphungu athu ndi a Unduna wa Zaumoyo, tikayamikira nyumba zatsopano zothandizira odwala khansa, tizifunsanso zomwe zili m'mashelefu. Kodi mu bajeti muli ndalama ya rituximab? Nanga ya mankhwala a mu labu oyezera CD20, poti popanda kuyeza sungadziwe woyenera kulandira? Nanga magazi, maantibayotiki ndi zoyezera hepatitis B, zomwe zimasunga wodwala pomwe asilikali ake agwa? Kodi alangizi a zaumoyo a m'midzi ndi madokotala a m'zipatala zing'onozing'ono, makamaka a kunyanja, akuphunzitsidwa kuzindikira tsaya lotupa chonchi? Nanga mayi wochokera kutali angapatsidweko ya basi kuti abwerere pa tsiku lomwe adamulembera?

Chomaliza ndi chija chidandichititsa manyazi. Titatuluka m'chipatala, ine ndi alamu anga tidapita kwa a nyakwawa n'kupempha kuti atiperekeze kwa agogo aja. Tidatenga nkhuku. Ndidawafotokozera, mmene ndikadathera, kuti matenda a mwanayo adayambira m'magazi ake omwe, kuti kudali malungo ndi kachilombo komwe tonsefe tili nako, ndipo kuti palibe munthu amene adaponya kanthu. A nyakwawa adakumbutsanso anthu kuti lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Agogowo adakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana pansi. Kenako adati, "Mwanayu ndidamusambitsa ndine tsiku lomwe adabadwa. Ndikadamupheranji?" Palibe adayankha. Nkhukuyo adailandira, koma mlongo wanga akuti mpaka lero salowanso m'bwalo mwawo ngati kale.

Mnyamata uja pano ali Sitandade 5. Tsaya lidabwerera m'malo mwake, kungoti pomwe adazula dzino paja mano adamera mopingasa. Tchuthi chapitachi adabwera kumtunda kuno kudzatithandiza kukumba mbatatesi, ndipo ankadandaula chisanu m'mawa uliwonse mpaka tidamugulira juzi pamsika wa kaunjika. Pepala lija lolembedwa CD20 ndidalisunga m'chikwama momwe mumakhala makadi a sikelo a ana anga. Pobwerera kwawo ndidamupatsira neti yatsopano, ndipo ndidamuuza mlongo wanga kuti ndikadzabwera ndidzaipeze yomangidwa pamwamba pa mphasa yake.